Mutu 6: Kasingano Asoka Lamba

1. Chofunda cha zigamba

Mvula inayamba m'mawa, ndipo inalibe maganizo osiya. Zingwe zoyanikira zinangokhala phee, madzi akudontha. Pa malo ochapira zovala a amayi ake a Kasingano, tsiku lotere aliyense ankadalira makina oumitsira zovala amene anali kuchipinda cha kumbuyo. Anali makina okalamba, a chitseko chachitsulo chopanda galasi.

Kasingano anali mtsikana wa ku sekondale. Dzinali anam'patsa ndi makasitomala, chifukwa chovala chong'ambika chikafika m'manja mwake chinkabwerera chamoyo. Zipi, batani, thumba lobooka, zonse ankazitha. Kunena zoona, mwanayo ankadziwa kusoka. Vuto lake linali limodzi basi, ankaona ngati dziko lonse ndi nsalu.

Tsiku limenelo mkulu wake ankanyamuka ulendo wa ku koleji, kutali, pa basi ya madzulo. Amayi anali atamusokera chofunda cha zigamba, ndipo zigambazo sizinali nsalu wamba. Anali malaya a bambo awo, amene anamwalira Kasingano akadali wamng'ono. Kwa miyezi yambiri amayi ankadula malayawo n'kumalumikiza pamanja makasitomala akachepa. Anamaliza dzulo lake, ndipo m'mawa uno anachichapa kuti chichoke choko ndi fungo la m'sutikesi.

Kasingano anaika chofundacho m'makina n'kudina batani. Mgolo wa m'kati, umene umatembenuza zovala, unazungulira pang'ono. Kenaka kunamveka kaphokoso ngati chingwe chaduka, makina n'kuti zii.

"Amayi, makina aja aima."

Amayi anabwera akupukuta manja. Anadina batani, anadinanso, anamenya pamwamba pa makinawo ndi chikhatho.

"Lero lomwe lino?" anatero. "Makina iwe, unasowa tsiku lina lofera?"

Anaimbira foni mlongo wawo, amene ntchito yake inali yokonza mafiriji ndi makina ochapira.

2. Amalume atsegula makina

Amalume anafika atanyowa mpaka m'nsapato. Asanapereke n'komwe moni anayamba azula pulagi pakhoma.

"Makina sukambirana nawo ali pa magetsi," anatero.

Anamasula mabauti, anachotsa chitsulo cha kutsogolo, napisa dzanja pansi pa mgolo. Anatulutsa chinthu chachitali, chakuda, chopyapyala.

"Nayu wodwala wathu. Lamba waduka. Lamba ameneyu amazinga mgolo wonse, amadutsa pa kagudumu aka, n'kukafika ku mota. Mota ikazungulira imakoka lamba, lamba n'kuzunguza mgolo. Popanda iyeyu, mgolo ndi ndowa chabe."

Kasingano anagwira lambayo n'kuyang'ana poduka.

"Ndiye si nkhanitu, amalume. Ndimusoka."

Amalume anaseka mpaka kutsokomola. Ataona kuti mwanayo sakuseka, anasiya. Anamukokera pafupi n'kuloza m'kati mwa makina ndi sipanala.

"Mwana iwe, tandimvera, ndipo umve ndi makutu onse awiri. Manja ako ndi abwino, zimenezo palibe angatsutse. Koma lamba si siketi. Siketi ukaisoka imangokhala pathupi. Lamba amakokedwa, amapindika, amatentha, uku atasenza zovala zonyowa. Singano alibe nayo chibale. Ndipo taona apa. Kagudumu aka kali pa kamkono ka sipuling'i, ndipo pansi pake pali kaswichi. Lamba akakhala wokungika, kamkono kamakhala m'mwamba, makina amayenda. Lamba akaduka, kamkono kamagwa, kaswichi n'kuzimitsa zonse, mota ndi moto womwe. N'chifukwa chake makinawa angoti zii. Sanafe ayi, adziteteza. Kaswichi kameneka ndi mlonda. Anthu opupuluma amamanga kamkonoka ndi waya kuti makina azingoyenda. Ine ndalowapo m'nyumba zoda bii ndi utsi chifukwa cha kawaya kamodzi. Mgolo ukaima moto ukuyakabe, chovala chimakhala malo amodzi n'kumapsa. Mlonda samangidwa manja, wamva?"

"Ndamva, amalume."

Amalume ankaganiza kuti akuchenjeza. Sanadziwe kuti akuphunzitsanso.

Anaimirira n'kuuza amayi kuti, "Achemwali, makina akale ngati awa lamba wake sapezeka wamba. Ndikayendeyende kwa anzanga. Ndikam'peza ndibwera. Ndikapanda kum'peza, chofunda chitsale, mudzachita kutumiza."

Mkulu wake wa Kasingano anali ataima pakhomo, akumvetsera. Sanadandaule mokweza. Anangoti, "Ndimafuna ndikachifunde usiku woyamba."

Amalume anatuluka. Posakhalitsa amayi ndi wapaulendoyo anatulukanso, kukagula loko wa sutikesi ndi zina zotsala. Kasingano anamusiya kuti aziyang'anira malo.

3. Ulusi ndi waya

Anatsala yekha ndi chofunda chonyowa, ndi chikwama cha zipangizo chimene amalume anasiya pansi. Mawu a mkulu wake aja anamukhala pamtima. Aliyense anali ndi chom'patsa wapaulendoyo. Amayi chofunda, amalume foni yawo yakale, aneba ndowa yosambira. Iye yekha ndiye analibe kanthu, ndipo zinkamuwawa.

Anatola lamba uja. Anadula nsonga zoyoyoka ndi sizasi. Anapeza kachidutswa ka chingwe cholimba cha chikwama chakale n'kulumikizira mbali ziwirizo. Anasankha singano yaikulu ndi ulusi wosokera nsapato. Anasoka kupita, anasoka kubwerera, anasokanso mopingasa. Msoko wake unali woti ungauonetse kwa mphunzitsi. Anaponda lambayo ndi phazi n'kukoka ndi manja onse, koma sunasunthe.

Kuzinga mgolo ndiye kunam'tulutsa thukuta. Zala zinada, chigongono chinasupuka. Pomaliza lamba anakhala m'malo mwake. Kasingano anatseka makina, analowetsa pulagi, anadina batani.

Zii.

Anazula pulagi n'kutsegulanso. Lamba anali atatalika pang'ono chifukwa cha kachidutswa kaja. Kamkono sikanakwere mokwanira, ndipo kaswichi kanakana.

Nkhani iyi ikanathera pomwepa, ndipo ine ndikanakonda ikanatero. Makina anali atamuuza poyera kuti ayi. Mwana wina akanakasamba m'manja n'kukhala pansi kudikira. Koma Kasingano anali atatopa kale, atasupuka kale, ndipo msoko wake ankaukhulupirira kuposa mawu a munthu aliyense. Anasuzumira m'chikwama cha amalume. Munali kawaya kofewa.

"N'kanthawi chabe," anadziuza. "Chikangouma ndimasula."

Anakweza kamkono kaja n'kukamanga. Atadina batani, mota inalira, mgolo n'kuyamba kuzungulira. Mwanayo anavina yekhayekha m'chipindamo, manja akuda ali m'mwamba. Anasamba, anaika chofunda, anatseka chitseko. Anaima pang'ono akumvetsera chofundacho chikugwa m'kati, phu, phu, phu. Atakhutira, anapita kutsogolo kukapinda siketi ya mkulu wake pa makina osokera.

4. Fungo

Mvula inawonjezera mphamvu padenga la malata. Makina osokera nawo anali ndi phokoso lawo. Kenaka kunalowa kasitomala wina, bambo wa mabuluku ambiri ndi nkhani zambiri, amene akayamba kufotokoza za bondo lake samaliza msanga. Kasingano ankangoti, "Ee, pepani," khutu lina lili kuchipinda cha kumbuyo. Mota inkamveka ikulira bwinobwino. Chimene sanazindikire n'chakuti phu, phu uja anali atasiya kalekale.

Bamboyo anadukiza nkhani yake n'kununkhiza m'mwamba.

"Kodi mwana, simunasiye simbi pa nsalu?"

Kasingano anathamanga. M'chipindamo munali kautsi kopyapyala. Anazula pulagi, anatsegula chitseko, ndipo kutentha kunam'menya kumaso. Mgolo unali utaima. Chofunda chinali chitaunjikana kumbuyo, penipeni polowera mpweya wotentha.

Anachikokera pansi osasamala kuti zala zikupsa. M'mbali chinali bwinobwino, pena chikadali chonyowa. Anachitambasula. Pakati penipeni panali bowo lalikulu ngati mbale, lakuda m'mphepete, ndipo zigamba zozungulira zinali zitapserera.

Sanalire nthawi yomweyo. Anayamba wathamangira ku bokosi la ulusi, poti ndi mankhwala okhawo amene ankawadziwa. Anabwera ndi singano, anagwada, anagwira m'mphepete mwa bowolo. Nsaluyo inayoyoka m'zala zake ngati tsamba louma. Anayesa patsogolo pang'ono, napo panayoyoka. Panalibe pogwira singano. Apa ndi pamene anakhala pansi n'kulira.

Kasitomala uja anafunsa ali kutsogolo ngati zonse zili bwino. Atamva kulira, anatenga mabuluku ake n'kutuluka mwakachetechete.

5. Amalume abwerera

Utsi usanathe n'komwe, pakhomo panamveka mluzu. Amalume analowa akumwetulira, lamba watsopano atam'koleka m'khosi.

"Mkulu wako ndi wamwayi," anatero. "Mnzanga wina anali naye pansi pa bedi. Nthawi ilipo yambiri, chofunda chiuma bwinobwino."

Anaima. Ananunkhiza. Anayang'ana chofunda, anayang'ana mwana, ndipo kumwetulira kuja kunachoka. Anatsegula makina, anatulutsa lamba wakale n'kumuyang'ana pa kuwala kwa pawindo.

"Msoko wako sunamasuke," anatero pang'onopang'ono. "Ukadali wolimba. Lamba wang'ambika m'mabowo a singano."

Kenaka anamasula kawaya kaja n'kukaika patebulo, pamaso pake.

Chimene chimandipweteka pa nkhani imeneyi n'chakuti kuika lamba watsopano sikunawatengere nthawi. Anazinga, anakoletsa pa kagudumu, anazunguza mgolo ndi dzanja, anaponyamo masanza oyesera, makina n'kuyenda ngati sanadwalepo. Basi inali ikadali kutali. Kasingano akanangokhala pansi n'kupinda siketi, chofunda chikanauma, n'kutsalanso nthawi yomwera tiyi.

Amalume anakhala pa ndowa yovundikira n'kupukuta manja.

"Sindikukalipira," anatero. "Madzi akatayika saoleka. Koma tamva, mwana wa mlongo wanga. Pali kuwononga, pali kubisa, ndipo ziwirizi si zofanana. Kuwononga wawononga ndi mtima wabwino ndi mutu wouma. Amayi ako alira, akalipa, mwina sakulankhula mpaka mawa. Koma adziwa kuti amene wawauza ndi mwana wawo, ndipo mulira muli pamodzi. Ukabisa, mkulu wako akachitambasula ali yekha, m'chipinda cha anthu osawadziwa, popanda womugwira dzanja. Ine ntchito yanga ndi yolowa m'nyumba za anthu. Makina amene amandivuta si owonongeka kwambiri ayi. Ndi aja mwini wake wagwiragwira, wabwezera mabauti, n'kundiuza kuti angoima okha. Ndimataya tsiku ndikufufuza kolakwika, ndipo ndikadziwa zoona, nyumba imeneyo sindiikhulupiriranso. Makina amachira, koma ine ndikamatuluka ndimakhala nditamudziwa munthuyo. Ine sindikunenera. Pakamwa ndi pako. Akangolowa pakhomo apo, unene usanaganize kawiri, chifukwa ukaganiza kawiri sunenanso."

"Ndinena, amalume."

Amalume anagwada n'kuyamba kubwezera mabauti. Kasingano anatsegula mawindo onse. Kenaka anayang'ana chofunda chili pansi, bowo lili poyera. Anaona kuti si bwino kuti amayi achione chotero akangolowa. Anachipinda, popsa n'kupita m'kati. Anapindanso, n'kupindanso, ngodya zili ndendende, poti kupinda nakonso ankakudziwa. Anachilowetsa m'pepala lapulasitiki la makasitomala n'kumanga pakamwa. Ukachiona, chinali chofunda chokongola chodikira mwini wake.

6. Akangolowa pakhomo

Amayi ndi mkulu wake anabwera mochedwa, akuthamanga, maambulera akudontha. Galimoto yowatengera ku depoti inali ikuimba kale hutala panja.

Amayi anakwinya mphuno. "Chikununkha n'chiyani muno?"

Kasingano anatsegula pakamwa. Anaona nkhope ya amayi yotopa, anaona mkulu wake akulimbana ndi loko watsopano. Anaganiza kawiri.

"Ndi lamba wakale uja, amayi."

Sipanala ya amalume inasiya kulira. Amayi anaona makina akuzungulira, anaona phukusi patebulo, nkhope yawo n'kuwala.

"Chauma?"

"Ee."

Mkulu wake ananyamula phukusilo n'kulikumbatira. "Chikutenthabe," anatero. "Amalume, Mulungu akudalitseni."

"Musandithokoze ine," anatero amalume, maso ali pa Kasingano. "Ine ndakonza makina basi. Za chofunda mufunseni uyu, ndi amene akudziwa."

Anali atamutsegulira khomo lonse. Koma amayi anamva ngati ndi mawu oyamikira. Anagwira Kasingano paphewa n'kumugwedeza mwachikondi.

"Ameneyu ndiye mwana wanga. Ukamusiya pamalo, mtima umakhala pansi."

Kasingano anayang'ana pansi, ndipo onse anati ndi manyazi. Mwanayo ananyamula sutikesi. Akudutsa pakhomo, amalume analankhula motsitsa mawu kuti amve iye yekha.

"Mpaka basi inyamuke, nthawi ikadalipo."

7. Ku depoti

Ku depoti mvula inali itachepa. Anthu ankakankhana, katundu ankakwezedwa. Kondakitala anafuna kuika phukusi lija pansi pamodzi ndi masutikesi, koma mkulu wake anakana.

"Ichi chikhala pamiyendo panga," anatero.

Anakwera, anapeza mpando wa pawindo, natsegula galasi. Amayi anayandikira n'kunyanyamphira kuti mawu afike.

"Pali chimene sindinakuuzeni nonse awiri," anatero. "Ukakachitambasula, ukayang'ane pakati penipeni. Ndaikapo thumba la malaya a ku ntchito a bambo anu, lija munkapisamo dzanja kufuna masiwiti akaweruka. Sindinalitseke. Dzanja limalowa."

Mkulu wake anagwira pakamwa, misozi ili mbwe. Kasingano sankadziwa za thumbalo. Pamalo pamene amayi ankanenapo, iye anali ataonapo bowo.

Injini inalira. Kasingano anayandikira windo.

"Asisi."

"Chiyani, Kasingano?"

Mkulu wake anali akumwetulira m'kati mwa misozi, manja onse ali pa phukusi. Basi inayamba kusuntha.

"Muyende bwino."

Kasingano anaima mpaka basi inakhota. Ndikunena mosabisa, mwanayo anali womvetsa chisoni, koma nthawi imene anapatsidwa anaiwononga yekha.

Pobwerera anayenda wapansi, ambulera imodzi anthu awiri. Amayi anaona kuti mwana ali duu, ndipo anaganiza kuti akudziwa chifukwa chake.

"Usadandaule kuti iwe ulibe chako," anatero. "Malaya onse athera momwemo, palibe ngakhale kolala yotsala. Koma ndagwirizana kale ndi mkulu wako. Akamaliza sukulu achibweza, ndipo tsiku lako la ulendo udzachinyamula ndiwe. Bambo anu anali a nonse awiri."

Amayi anapisa m'chikwama n'kutulutsa foni yawo.

"Sunga ndiwe iyi, ine m'chikwama sindiimva. Ndamuuza kuti akafika asatambasule yekha, ayambe waimba. Uyankhe ndiwe, ukweze mawu kuti timve tonse. Ndikufuna ndimumve akamapisa dzanja m'thumba muja."

Kasingano analandira foniyo ndi manja awiri n'kuiika m'thumba la siketi. Njira yonse anayenda pambali pa amayi ake, ndipo nthawi iliyonse foniyo ikagunda pantchafu, ankaona ngati yayamba kulira.